Khunyu ndi ntchito m'chigwa cha Shire: kodi kalata ya dokotala imanena chiyani?

Nyengo yodula nzimbe ikamayandikira, cha mu Epulo, anthu a ku Nchalo, Ngabu, Dyeratu mpaka Bangula amakhala kalikiliki kufunafuna ntchito, ndipo ntchito zambiri zolembedwa zimayamba ndi kuyezedwa m'thupi. Pa mafunso amene woyeza amafunsa pali limodzi limene ena amalimva mtima uli phaphapha: kodi munayamba mwagwapo kapena kukomoka? Munthu amene amamwa mankhwala a khunyu amasowa poyankhira. Akanena zoona, akuopa kuti ntchito imudutsa. Akabisa, akudziwa kuti tsiku lina nthenda ikhoza kumupeza ali pafupi ndi makina, moto kapena madzi. Nayenso wolemba ntchito ali ndi ake mantha, poti munthu akavulalira pantchito mlandu umafika pakhomo pake.

Pakati pa mantha awiriwa pamaima kalata ya dokotala. Ambiri amaitenga ngati chigamulo chachidule, "ali fiti" kapena "sali fiti", chonsecho m'kati mwake muli nkhani zingapo zofunika kuzimva padera padera.

Khunyu ndi chiyani

Minyewa ya mu ubongo imatumizirana mauthenga ndi timphamvu ta magetsi. Nthawi zina minyewa yambiri imatulutsa timphamvuti pamodzi mosalongosoka, ndipo kwa masekondi kapena mphindi zochepa ubongo umasokonekera. Zimene timaona kunja zimatengera mbali ya ubongo imene yasokonekerayo. Wina amagwa, kuuma thupi, kuphupha, kutuluka thovu, mwina kudziluma lilime ndi kudzikodzera. Wina sagwa n'komwe. Amangoti duu, maso ali tong'o, akutafuna pakamwa popanda kanthu kapena akugwiragwira malaya, kenako n'kubwerera osakumbuka chimene chachitika. Wotereyu pantchito amamuyesa waulesi, wamwano kapena woledzera.

Kugwa kamodzi kawirikawiri si khunyu. Mwana wotentha thupi ndi malungo, munthu amene shuga wamutsikira, chidakwa chimene chasiya mowa mwadzidzidzi, onsewa akhoza kuphupha, koma chimene chaputa chikachoka zimathera pomwepo. Naye wodula nzimbe amene wakomoka ndi dzuwa la mu Okutobala atataya madzi ambiri m'thupi kawirikawiri vuto lake ndi lina. Bungwe la akatswiri a nthendayi la International League Against Epilepsy, lomwe linayamba mu 1909, linanena mu 2014 kuti munthu amatchedwa wa khunyu ngati wagwidwa kawiri popanda choputa chooneka, ndipo pakati pa kugwidwa koyamba ndi kwachiwiri padutsa maola oposa 24. Amatchedwanso choncho ngati wagwidwa kamodzi koma zoyeza zikuonetsa kuti mwayi wobwereza pa zaka 10 zikubwerazo ndi wosachepera 60 pa 100.

Kukayikira munthu wa khunyu pa nkhani ya ntchito ndi kwakale kwambiri. Malamulo a mfumu Hammurabi ya ku Babulo, a cha m'ma 1750 Yesu asanabadwe, ankati wogula kapolo akhoza kum'bweza n'kulandira ndalama zake ngati kapoloyo wagwidwa ndi nthendayi mwezi usanathe. Cha m'ma 400 Yesu asanabadwe, asing'anga a ku Greece a gulu la Hippocrates analemba kuti gwero lake lili mu ubongo, osati kwa milungu. Komabe ku Britain lamulo lolola kuthetsa ukwati chifukwa cha khunyu linasinthidwa mu 1971 mwenimweni. Choncho wa kumudzi kwathu amene amathawa mnzake akagwa asamaoneke ngati ndi yekhayo amene anasokera.

Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi apakatikati. Zifukwa zake kuno kwathu n'zodziwika. Malungo a mu ubongo amasiya zipsera. Kafukufuku amene anachitika pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, n'kusindikizidwa mu 2010, anapeza kuti mwa ana amene anapulumuka malungo oterewa, pafupifupi mmodzi mwa 10 alionse anadzakhala ndi khunyu, ndipo m'chigwa muno udzudzu sufunika kuufotokoza. Palinso kubanika pobadwa, matenda oumitsa khosi, sitiroko, matenda olowerera pa HIV, ndi kuvulala m'mutu, komwe kwachuluka ndi njinga zamoto za kabaza zokwerwa popanda chipewa. Njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba nazo zimayambitsa khunyu: mazira ake amatuluka ndi chimbudzi cha munthu, wina n'kuwameza ndi madzi kapena chakudya, ndipo timphutsi take timakakhala mu ubongo. Kwa anthu ambiri chifukwa sichipezeka n'komwe. Chimene chili chotsimikizika ndi chakuti nthendayi sipatsirana, kaya ndi thovu, malovu, mpweya wotuluka kumbuyo kapena kudyera mbale imodzi.

Nthenda yogonja ku mankhwala

Funso lalikulu kwa dokotala si lakuti munthu ali ndi khunyu kapena ayi. Iye amafuna kudziwa ngati nthendayo yagonja ku mankhwala, ndiponso kuti papita nthawi yaitali bwanji chigwereni komaliza. WHO imati anthu okwana 70 mwa 100 alionse akhoza kukhala osagwanso atapimidwa bwino n'kumamwa mankhwala oyenera.

Mankhwala amene amapezeka m'zipatala zathu ndi akale. Phenobarbital anayamba kumugwiritsa ntchito pa khunyu ndi dokotala wa ku Germany, Alfred Hauptmann, mu 1912. Phenytoin anabwera mu 1938, ndipo carbamazepine ndi sodium valproate anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1960. Ukalamba wawo si vuto, amagwira ntchito. Koma sachiza ngati mmene LA amachizira malungo m'masiku atatu. Amangotchinga, ndipo amatchinga pokhapokha akakhala m'magazi pa mlingo wokwanira usana ndi usiku. Zili ngati madzi a m'ngalande yothirira: akatsika pang'ono chabe sakweranso m'mizere, ngakhale ngalandeyo ikuoneka kuti muli madzi. Munthu amene wadumphitsa masiku awiri amadzimva kuti ali bwinobwino, chonsecho chotchinga chatsika kale. Kusiya mwadzidzidzi ndiye koopsa kwambiri, makamaka phenobarbital, chifukwa kukhoza kubweretsa kuphupha kosalekeza komwe kumapha.

Mankhwalawa ali ndi zovuta zawo zimene zimakhudza ntchito. Phenobarbital amagonetsa ndipo ena amawachedwetsa kuganiza, makamaka m'masabata oyamba. Carbamazepine ndi phenytoin akachuluka amachititsa chizungulire ndi kuona zinthu ziwiriziwiri. Atatuwa amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, motero amachepetsa mphamvu ya mapiritsi olera, njira yolera ya pamkono, ndi dolutegravir amene ali m'ma ARV omwe ambiri akumwa masiku ano. Sodium valproate akhoza kuvulaza mwana m'mimba. N'chifukwa chake amene amalandira ma ARV pakhomo lina la chipatala, mankhwala a khunyu pakhomo lina, ayenera kuonetsetsa kuti mbali zonse ziwiri zikudziwa.

Bungwe lija la International League Against Epilepsy linanenanso mu 2014 kuti khunyu amatengedwa kuti anatha ngati munthu wakhala zaka 10 osagwa, ndipo zaka 5 zomalizira osamwa mankhwala. Si dzina lomwe munthu ayenera kufa nalo.

Kalata ya dokotala

Kuyeza anthu asanayambe ntchito si kwachilendo kuno. Agogo athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ankavulidwa malaya, kukwezedwa pa sikelo ndi kupimidwa chifuwa, ndipo wolephera ankabwezedwa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mkangano wa kuyeza HIV unali chimodzi mwa zimene zinatseka njira ya Amalawi yopita ku migodiyo kudzera ku TEBA, bungwe lolemba anthu ntchito ya ku migodi. Anthu akamaopa kuyezedwa amakhala akukumbukira mbiri yotereyi, pamene kuyeza kunali chipata chosefera anthu.

M'kaganizidwe ka lero ka zaumoyo wa pantchito, kalatayi siyankha ngati munthu ndi wathanzi kapena wodwala. Imayankha ngati munthu uyu angagwire ntchito iyi popanda kudziika yekha kapena anzake pangozi yaikulu. Mayankho ake sakhala awiri okha. Dokotala akhoza kulemba kuti munthuyo ndi woyenera popanda choletsa, kapena ndi woyenera koma asagwire zakutizakuti, kapena ayambe wadikira miyezi ingapo aonedwenso, kapena sangagwire ntchito imeneyo konse. Mayankho apakatiwo ndi amene amaiwalika, koma anthu ambiri a khunyu malo awo ali pamenepo.

Kuti afike pa yankho, dokotala kapena kiliniko ofisa amadalira kwambiri mbiri. Amafunsa kuti munagwa liti komaliza, zimayamba bwanji, ngati mumamva chizindikiro zisanachitike, ngati zimabwera muli m'tulo mokha kapena masana omwe, ndiponso kuti mumatenga nthawi yaitali bwanji kuti mutu ubwerere. Popeza wodwala sakumbukira, mawu a amene anaona ndi ofunika kwambiri, ndipo masiku ano kavidiyo ka pa foni kamathandiza kuposa kufotokoza. Umboni wina uli m'kabuku ka kuchipatala kaja, kopindikapindika ndi thukuta la m'thumba. Tsamba lililonse lili ndi deti, dzina la mankhwala, chiwerengero cha mapiritsi ndi mzere wonena kuti mwezi uno wagwa kangati. Masamba khumi ndi awiri otsatizana olembedwa kuti sanagwe amalankhula mwamphamvu kuposa lumbiro lililonse. Mipata ya miyezi itatu yosalembedwa kanthu nayo imalankhula.

Olemba ntchito ena amafuna kuti munthu akayezedwe ndi makina kuti zitsimikizike. Makina oyeza magetsi a mu ubongo, a EEG, anayamba ndi Hans Berger wa ku Germany amene anasindikiza zotsatira zake mu 1929. Munthu wa ku Nsanje kapena ku East Bank kuti awapeze ayenera kukwera phiri kupita ku Blantyre. Koma makinawa sagamula mlandu. Pafupifupi theka la anthu a khunyu amatuluka bwinobwino akayezedwa koyamba, chifukwa nthawi yoyezayo ubongo umakhala uli phee. Zotsatira zabwino sizitsimikiza kuti munthu alibe nthenda, ndipo palibe makina amene angalonjeze kuti sadzagwanso. Kalata imanena za kukula kwa chiopsezo, si chitsimikizo.

Ngozi ili pamalo pogwerapo

Kugwidwa kwenikweniko nthawi zambiri kumatha pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Chimene chimavulaza ndi pomwe munthu wagwera. Kalaliki akagwa mu ofesi ku Chikwawa boma amadzuka ndi mutu wopweteka ndi manyazi. Mphunzitsi, telala, wogulitsa m'sitolo, woyeza thonje pa sikelo ku Ngabu, onsewa chiopsezo chawo n'chochepa. Koma kugwa komweko kukapeza wothirira nzimbe ali m'mphepete mwa ngalande, msodzi ali m'bwato ku Elephant Marsh, wophika ali pa mphika wa phala la ana asukulu, wowotcherera zitsulo, kapena wokwera pa polo la magetsi, nkhani imakhala ya maliro. Kafukufuku wasonyeza kuti anthu a khunyu amafa ndi madzi kuposa anzawo maulendo opitirira 10, ndipo madzi ofika m'mawondo ndi okwanira.

Ntchito zina ngozi yake imagwera anthu ena: woyendetsa thirakitala, lole ya nzimbe, minibasi yotsika phiri kupita ku Thabwa, wa kabaza wonyamula mayi ndi mwana kumsana, wowolotsa anthu pa Shire. Apa ndi pomwe mayiko amaika malamulo okhwima. Ku Britain, mwachitsanzo, munthu wa khunyu amaloledwa kuyendetsa galimoto yake akatha chaka chimodzi osagwa, koma kuti ayendetse basi kapena lole ayenera kutha zaka 10 osagwa komanso osamwa mankhwala. Lamulo la pamsewu la ku South Africa limaletsa laisensi kwa amene khunyu wake sanagonje ku mankhwala. Ziwerengerozi n'zosiyana dziko ndi dziko, chifukwa ndi anthu amene amagwirizana kuti chiopsezo chovomerezeka chithere pati.

Chigwa chathu chili ndi zake zoonjezera. Zimene zimaputa kugwa n'zodziwika: kudumphitsa mankhwala, kusagona mokwanira, mowa, kutentha thupi ndi nkhawa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, usiku anthu amagona panja akulimbana ndi udzudzu, tulo take n'kukhala ta apo ndi apo. Ndiye wina m'mawa mwake ali ndi shifiti yoyamba kusanache, kapena ndi mlonda amene sabata ino ali usiku, sabata yamawa masana. Kusinthasintha kotereku kumasokoneza tulo ndi nthawi yomwera mankhwala pamodzi. Kwa munthu wotere, kumuika pa shifiti imodzi yokhazikika kukhoza kukhala kusiyana kwa kugwa ndi kusagwa.

Zimene lamulo likunena

Malamulo athu amakoka mbali ziwiri, ndipo mbali zonse zili ndi chifukwa chomveka. Ndime 20 ya malamulo aakulu a dziko lino imaletsa tsankho, kuphatikizapo la ulumali. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000, mu ndime 5, limaletsa tsankho lomwelo polemba anthu ntchito, kuwakweza ndi kuwachotsa. Ndime 57 imati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka chokhudza kuthekera kwake, khalidwe lake kapena zosowa za kampani, ndipo ngati nkhani ndi ya kuthekera kapena khalidwe, ayambe wapatsidwa mpata woyankhapo. Ndime 46 imapereka tchuthi cha matenda cha masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, kwa amene wagwira miyezi 12 mosalekeza. Wochotsedwa mosayenera amakadandaula ku ofesi ya leba ya m'boma lake pasanathe miyezi 3, ndipo zikakanika nkhani imapita ku khoti la Industrial Relations Court.

Mbali inayo kuli lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997, lomwe limalamula wolemba ntchito kuteteza moyo ndi thanzi la antchito ake onse. Kapitawo amene akudziwa kuti munthu anagwa mwezi watha n'kumutumabe pamwamba pa denga sakumuchitira chifundo.

Pofuna kugwirizanitsa ziwirizi, pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe Malawi anavomereza mu 2009, limakamba za kusintha zinthu pantchito moyenerera, malinga ngati sikukulemetsa wolemba ntchito mopitirira muyeso. Mu 2024 dziko lino linakhazikitsanso lamulo latsopano la anthu aulumali m'malo mwa la 2012. Pa nkhani ya khunyu, kusinthako nthawi zambiri sikudya ndalama zambiri: kumuchotsa munthu pa shifiti ya usiku, kumusamutsa kuchoka pa ngalande kupita ku nkhokwe ya zipangizo, kumulola tsiku limodzi pamwezi kukatenga mankhwala, kuonetsetsa kuti sagwira yekhayekha pamalo oopsa.

Kuulula

Dokotala ali ndi udindo wosunga chinsinsi cha wodwala. Chimene wolemba ntchito amafunika kudziwa ndi zimene munthuyo angachite ndi zimene sangachite, osati mbiri yake yonse. Koma kubisira aliyense kuli ndi mtengo wake, chifukwa tsiku logwa amene ali pafupi ndi anzake a pantchito, ndipo zimene iwo achite m'mphindi zoyambazo n'zimene zingamupulumutse kapena kumuvulaza.

Chofunika n'chochepa. Chotsani zikwanje, makasu ndi chilichonse chakuthwa kapena chotentha. Pindani malaya muike kunsi kwa mutu, mumasule kolala, wina ayang'ane nthawi pa foni. Musamupanikize manja ndi miyendo, ndipo musaike supuni, kamtengo kapena chala m'kamwa mwake, poti munthu sameza lilime lake, koma mano amathyoka ndithu. Kuphupha kukaleka mugonekeni chammbali kuti thovu lituluke, osamumwetsa madzi kufikira atatsitsimuka bwinobwino. Akamadzuka amakhala wosokonezeka, mwina atadzinyowetsa. Mmodzi amufunditse chitenje n'kumuuza modekha kuti, "Achimwene, munagwa pang'ono, muli pantchito, ife tili pompano," enawo abalalike. Thamangirani kuchipatala ngati kuphupha kwapitirira mphindi 5, ngati kwabwereza asanatsitsimuke, ngati wagwera m'madzi, wavulala, ndi woyembekezera, kapena ngati n'koyamba. Wogwera pamoto mukokeni msangamsanga. Chikhulupiriro choti womukhudza atenga nthenda, kapena choti wakupsa sangachirenso, chasiya anthu ambiri ndi zipsera zomwe zikanapeweka.

Mafunso amene adakalipo

Loyamba ndi la nthawi. Kodi munthu akhale miyezi ingati osagwa kuti abwerere pa thirakitala, pa ngalande kapena pa makina? Madokotala awiri akhoza kupereka mayankho osiyana pa munthu mmodzi, onse ali ndi zifukwa zomveka, ndipo wina amatsamira ku chitetezo cha anthu pamene wina akuganiza za banja lomwe likudya kuchokera m'thumba la wodwalayo.

Lachiwiri ndi la mankhwala akasowa. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anadula misewu, ndipo madera ngati Makhanga anakhala osafikirika. Munthu amene anatha zaka zitatu osagwa, n'kugwa chifukwa mapiritsi anapita ndi madzi kapena sanawapeze kuchipatala, kodi ayambirenso kuwerenga ngati amene nthenda yake sinagonje? Ena amati ubongo sufunsa chifukwa, ngozi ndi yomweyo. Ena amati munthu asataye ntchito pa vuto lomwe si lake.

Palinso antchito a nyengo. Wodula nzimbe wa kontirakiti ya miyezi ingapo safika pa miyezi 12 yosalekeza imene tchuthi cha matenda chimafuna, ndipo chaka chamawa akhoza kungosalembedwanso popanda womuuza chifukwa. Tsankho lotere angalitsimikize bwanji ku leba? Nanga amene anabisa polembedwa poopa kukanidwa, n'kudzavulala, chipepeso chake chiyende bwanji? Ngati kalata yalembedwa ndi dokotala wolipidwa ndi kampani, wantchito wosakhutira akadandaule kwa yani, ndipo ulendo wa ku Blantyre alipire ndani?

Ndipo anthu ambiri m'chigwa muno salembedwa ntchito ndi aliyense. Msodzi, wa kabaza, wowolotsa bwato ndi mlimi wa kudimba palibe amene amawafunsa kalata. Akauzidwa kuchipatala kuti atalikirane ndi madzi kapena asiye njinga, ntchito ina yoti adyetsere ana awapezere ndani?